Gemu Yakale pa Kanema Watsopano: Tisafulumire Kutaya, Tisafulumirenso Kugula

Kwathu ku Nsambe, m'boma la Neno, kachewere ndi tirigu zikagulidwa bwino, kapena achimwene akabwera kuchokera ku Joni, katundu amene amakonda kulowa m'nyumba masiku ano ndi kanema wopyapyala uja timangomutcha kuti pulazima. Kanema wakale, wonenepa kumbuyo uja, amatsitsidwa pa kabati n'kukaponyedwa kuchipinda chosungiramo mbewu. Pamodzi ndi iye pamapitanso kamakina ka magemu ka makatiriji achikasu, kapena PlayStation imene amalume adasiya. Chifukwa chake n'chakuti ukalumikiza makina amenewa ku kanema watsopano, chithunzi chimaoneka chosasangalatsa, ndipo pa makanema ena ngakhale pobaya chingwe pamasowa. Zikatero anthu amangoti, "Izi zatha ntchito."

Ine maganizo anga ndi akuti sizidathe ntchito. Ndikufuna ndikufotokozereni, anzanga a kuno ku seminale, abambo ansembe ndi inu makolo athu, chimene chimachitika pakati pa makina akalewo ndi kanema watsopanoyo, zimene anthu a kunja adachita pofuna kuthetsa vutoli, ndiponso chifukwa chimene ndikuonera kuti ife tiyenera kutengera nzeru zawo koma osatengera kagulidwe kawo.

Vuto lagona pati?

Wailesi ya kanema ya dziko lathu, Television Malawi, idayamba kuulutsa pa 1 Epulo 1999. Koma makanema analipo kale m'nyumba zina ndi m'mavidiyo shoo, ndipo ntchito yake inali yoonetsa matepi ndi kusewerera magemu. Ambiri mwa magemu aja anali otengera makina a kampani ya Nintendo otchedwa Famicom, amene adatuluka ku Japan m'chaka cha 1983. Ena anali ndi mwayi wogwirako Sega Mega Drive, ya 1988, kapena PlayStation yoyamba, ya 1994. Makina onsewa adapangidwa moganizira kanema wonenepa kumbuyo uja, poti nthawi imeneyo m'nyumba za anthu munalibe wina.

Kanema wakale amajambula chithunzi monga momwe munthu amagaulira munda, mzere umodzi pambuyo pa unzake, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Njira youlutsira imene dziko lathu linkagwiritsa ntchito, yotchedwa PAL, ili ndi mizere 625, ndipo yooneka ndi maso ndi 576. Kanemayo sajambula mizere yonseyo ulendo umodzi. Amayamba ndi woyamba, wachitatu, wachisanu, mpaka pansi, kenaka n'kubwerera kukadzaza imene adailumpha. Amachita maulendo 50 otere pa sekondi imodzi, ndipo diso lathu limaona ngati chithunzi chimodzi chathunthu.

Opanga magemu adachenjera. Makina awo analibe mphamvu zojambula mizere yochuluka chotere, tsono adawakonza kuti aziuza kanema kujambula pamalo amodzimodzi ulendo uliwonse, osabwerera kukadzaza mipata. Motero chithunzi cha gemu chimakhala ndi mizere pafupifupi 240 ku Japan ndi ku America, kapena mpaka 288 m'maiko a PAL, ndipo pakati pa mizereyo pamatsala timipata takuda. Kanema wakale sadandaula nazo. Chimene walandira amachijambula nthawi yomweyo.

Pulazima ndi wosiyana. Galasi lake lili ndi timadontho towerengeka kale: pa makanema ambiri timakhala 1,920 m'litali ndi 1,080 m'lifupi, ndipo pa aja amati 4K timakhala 3,840 ndi 2,160. Chithunzi cha Famicom chili ndi timadontho 256 ndi 240 basi. Ndiye kuti mkati mwa pulazima muli kakompyuta kamene kayenera kulandira chithunzi chaching'onocho, kuchisandutsa manambala, ndi kuchikoka kuti chidzaze galasi lonse. Tsoka lake n'lakuti makanema ambiri sazindikira kuchenjera kuja kwa opanga magemu. Amayesa kuti alandira theka la chithunzi, choncho amadikira theka linalo n'kuphatikiza zithunzi ziwiri zimene sizinayenera kuphatikizidwa.

Zotsatira zake ndi zitatu. Poyamba, chithunzi chimachita chimbuuzi, makamaka chinthu chikamayenda. Kachiwiri, poti magemu akale adapangidwira galasi la muyeso wa 4 kwa 3 pamene la pulazima ndi la 16 kwa 9, anthu a m'gemu amaoneka afupiafupi ndi onenepa. Kachitatu, ndipo ili ndiye vuto lalikulu, chithunzi chimachedwa. Pa liwiro la zithunzi 50 pa sekondi, kanema akasunga zithunzi zisanu zokha asanazionetse ndiye kuti wachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Poonera mpira palibe angazindikire. Koma pa Super Mario Bros., gemu ya 1985 ija, ukadina kuti Mario alumphe, iye amakhala atagwera kale m'dzenje, ndipo wosewera amayamba kutukwana zala zake zosalakwa.

Amene mudasewerapo gemu yowombera abakha ija yotchedwa Duck Hunt mungandivomereze kuti kamfuti kake sikagwira ntchito pa pulazima. Sikuti kadafa ayi. M'kamfutiko muli kadiso komva kuwala. Ukakoka chowombera, galasi limada kwa kamphindi, kenaka pamalo pamene pali bakha pamaoneka kabokosi koyera, ndipo makina amafunsa kadisoko ngati kaona kuwala pa nthawi yeniyeniyo. Pulazima akachedwa pang'ono chabe, yankho limabwera nthawi itadutsa.

Zimene anzathu a kunja adachita

Makampani akuluakulu sadavutike nalo vutoli, pakuti iwo amapindula tikagula zatsopano. Ngakhale kampani ya Sony idasiya kupanga makanema ake otchuka a Trinitron m'chaka cha 2008. Amene adadzuka ndi anthu okonda magemu eni ake. Iwowa adayamba kupanga timabokosi tokhala pakati pa makina a gemu ndi kanema, timene pa Chingerezi amati upscaler. Ntchito yake ndi kulandira chithunzi chakale, kuchimvetsa bwino, kuchikuza mwaukhondo ndi mwamsanga, n'kuchipereka kwa pulazima kudzera pa chingwe cha HDMI chili chophikaphika.

Masamu ake ndi a ku pulayimale. Mizere 240 ukaichulukitsa katatu imakwana 720, ndipo ukaichulukitsa ka 9 imakwana 2,160, yomwe ndi mizere ya kanema wa 4K. Kadontho kalikonse kamangobwerezedwa mofanana, popanda kukapaka kapena kukasakaniza ndi kanzake. Timabokosi tina timabwezeretsanso timipata takuda tija kuti chithunzi chifanane ndi cha kale.

Kampani yaing'ono ya ku Japan yotchedwa Micomsoft idatchuka ndi kabokosi kake ka Framemeister, koma kadasiya kupangidwa. Ku Finland, katswiri wina dzina lake Markus Hiienkari adapanga kena kotchedwa OSSC, kamene sikasunga chithunzi chathunthu koma kamagwira mzere umodziumodzi, kotero kuti kuchedwa kwake sikumveka n'komwe. Iyeyu adaika poyera mapulani onse a kabokosiko kuti aliyense wofuna aphunzire, apange kake, kapena akonze pamene paperewera. Ku America, Mike Chi adayambitsa timabokosi ta RetroTINK, ndipo kamphamvu kwambiri, ka RetroTINK-4K, kadatuluka kumapeto kwa 2023. Enanso adatenga kathabwa ka zamagetsi kotsika mtengo kotchedwa GBS-8200, n'kukalumikiza ku kachipangizo kakang'ono ka ESP8266 ndi pulogalamu yaulere ya GBS-Control, ndipo kadasanduka upscaler yabwino ndithu.

Anthu amenewa ine ndimawapatsa ulemu. Bungwe la Video Game History Foundation la ku America lidapeza m'chaka cha 2023 kuti magemu 87 mwa 100 aliwonse amene adatuluka m'dzikolo chisanafike chaka cha 2010 sakugulitsidwanso. Magemu amenewa ndi ntchito ya manja a anthu: ojambula, opeka nyimbo, olemba nthano ndi akatswiri a masamu. Amene amasunga makina akale ndi kuwapezera njira yoti aonekebe akuchita ntchito yofanana ndi ya munthu wosunga mabuku akale kuti njenjete zisawadye.

Koma kodi ife tigule?

Apa ndiye ndikuti tidekhe. RetroTINK-4K idatuluka pa mtengo wa madola 750 a ku America. Pa mtengo wa kubanki wa chaka cha 2024, wa pafupifupi K1,750 pa dola imodzi, imeneyo ndi ndalama yopitirira K1.3 miliyoni, tisanawerengere zotumizira ndi msonkho. Tikumbukirenso kuti kwacha yathu idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chidakwera. Mwana wa mlimi wa kachewere amene angapemphe makolo ake ndalama yotere, fizi ndi feteleza zili pakhomo, ndiye kuti mutu wake sukuyenda bwino. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Palinso mfundo ina imene ambiri saidziwa. Timakina ta makatiriji achikasu timene tidafala kuno timatulutsa chithunzi kudzera pa chingwe chachikasu chija, kapena pa chingwe cha eriyo. Pa chingwe chachikasu, kuwala ndi mitundu yonse zimayenda mophatikizana pa waya mmodzi, ndipo chithunzi chimakhala chitaonongeka kale chisanafike kulikonse. OSSC yoyamba ija salandira n'komwe chingwe chimenechi. Imafuna zingwe zolekanitsa mitundu, monga zija zitatu, chobiriwira, chabuluu ndi chofiira. Timabokosi tolandira chingwe chachikasu tilipo, ndipo timachotsadi kuchedwa kuja, koma sitingabweze ukhondo umene udatayika panjira. Munthu akhoza kutaya ndalama zambiri n'kupeza kuti kabokosi kake sikagwirizana ndi makina ake. Safunsa adadya phula.

Nanga timabokosi totsika mtengo tija timapezeka m'masitolo a zamagetsi m'tauni, tosandutsa zingwe zachikasu, zoyera ndi zofiira kukhala HDMI? Timathandiza ngati pulazima wanu alibiretu pobaya zingwe zakale. Koma dziwani kuti tambiri mwa ito tidapangidwira matepi ndi ma DVD, ndipo timalakwitsa mofanana ndi momwe pulazima amalakwitsira. Chithunzi chidzaoneka, koma chimbuuzi ndi kuchedwa zikhoza kukhalapobe. Pa magemu osafuna changu palibe vuto. Pa magemu olumpha ndi omenyana mudzakhumudwa.

Tsono yankho langa ndi lapafupi: upscaler yabwino koposa ya kwathu kuno ndi kanema wakale uja tamuponya kuchipinda cha mbewu. Sachedwa, sachita chimbuuzi, amalandira chingwe chachikasu, ndipo kamfuti ka abakha kamagwira ntchito pa iye yekha. Chinthu chimene anthu a ku Ulaya ndi ku America akulipira madola mazanamazana kuti achitsanzire, ife tili nacho chenichenicho ndipo tikuchisiyira makoswe. Kumeneko anthu okonda magemu ayamba kale kusakasaka makanema akale omwewa.

Zonena otsutsa

Ndikudziwa kuti ena a inu makolo mukuti, "Magetsi ake ati?" Funsoli n'loona. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 m'dziko muno ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo m'midzi yambiri ya kumapiri kwathu anthu amadalira sola ndi mabatire. Kanema wakale amadya moto wambiri kuposa pulazima wa msinkhu wake, ndipo batire laling'ono silingamupirire. Pamenepo sindingaumirire. Amene ali ndi sola yaing'ono agwiritse ntchito pulazima, koma achite zinthu ziwiri zaulere: alowe m'makonzedwe a kanemayo n'kusankha Game Mode ngati ilipo, chifukwa imachepetsa kuchedwa, ndiponso asankhe muyeso wa 4:3 kuti Mario abwerere pa thupi lake. Amene ali ndi PlayStation 2 afunefune chingwe chija cha mitundu itatu ngati kanema wake ali ndi pobaya pake, poti chimapereka chithunzi chooneka bwino kuposa chachikasu. Kanema wakaleyo musamuphwanye. Mpatseni mnansi amene ali ndi magetsi, kapena mpereke ku sukulu kapena ku holo ya achinyamata.

Abambo ansembe ndi aphunzitsi athu nawonso ali ndi nkhawa yawo, yakuti magemu amadya nthawi ya mabuku. Izinso n'zoona, ndipo sindikupempha kuti m'madomitale muikidwe PlayStation. Koma tiyeni tiyerekeze zinthu mwachilungamo. Gemu yakale imagulidwa kamodzi. Safuna bando ya intaneti, sakuonetsa zotsatsa malonda, ndipo sakupempha ndalama kuti upitirire. Imaseweredwa pabalaza, anthu awiriawiri, ena akudikira nthawi yawo ndi kuchemerera, mayi akuona zonse zikuchitika. Taonani tsono zimene zalowa m'malo mwake: mnyamata yekhayekha ndi foni pansi pa bulangete mpaka pakati pa usiku, ndipo kawirikawiri chimene akutcha gemu ndi juga yobetcha, imene yadya kale ndalama za fizi za anzathu ena. Pa ziwirizi, kholo lanzeru lingaope chiti?

Za nthawi, chitsanzo tili nacho cha msinkhu wathu womwe. Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene adabadwira ku London mu 1991 ndi kumwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ankakonda makompyuta ndipo anali ndi PlayStation. Mayi ake amafotokoza kuti adadziikira yekha malire a ola limodzi pa sabata. Papa Leo XIV adamulengeza kukhala woyera pa 7 Seputembala 2025. Iye sadataye makina ake, ndipo makinawo sadamulamulire. Lamulo lotere aliyense wa ife angathe kudziikira pa tchuthi.

Phindu lenileni

Chimene ndikusirira kwambiri mwa anthu opanga timabokosi tija ndi mtima wawo wofuna kudziwa. Ataona chithunzi chosaoneka bwino sadanene kuti zatha ntchito. Adafunsa kuti chalakwika n'chiyani, adawerenga mizere, adayesa nthawi, mpaka adapeza pamene pagona vuto. Mtima umenewu si wa azungu okha. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adayamba ndi kumasula mawailesi akale kuti aone momwe amagwirira ntchito, ndipo ali ndi zaka 14 adamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotola. Mbiri yake idalembedwa m'buku mu 2009 ndipo idasanduka filimu mu 2019. Pakhomo pawo akadakhala ndi chizolowezi chotaya chilichonse chakale, sindikhulupirira kuti dziko likadamumva.

Ife m'kalasi ya Physics timaloweza za ma diode, ma transistor ndi ma capacitor, n'kukhoza mayeso, koma ambiri sitidagwirepo n'chimodzi chomwe. Pamene kamakina ka gemu kakufa kali ndi zonsezo mkati, ndipo nthawi zambiri nthenda yake imakhala yaing'ono: waya woduka, pobaya chingwe pochita dzimbiri, fumbi pa mano a katiriji, kapena capacitor yotupa. Ndikupempha Bambo Rekitala ndi aphunzitsi a sayansi kuti aganizireko zolola kalabu ya sayansi kukhala ndi tebulo limodzi lokonzerapo zinthu, lokhala ndi mita yoyesera magetsi ndi chowotcherera mawaya. Pobwera kutchuthi aliyense atenge chakufa chimodzi cha kwawo, kaya ndi wailesi, tochi ya sola kapena kamakina ka gemu. Mutu umodzi susenza denga, koma anyamata khumi ndi mphunzitsi mmodzi angathe kudzutsa zambiri. Tikadzafika pomvetsa bwino, mwina tidzasonkherana n'kuitanitsa kathabwa kamodzi ka GBS-8200 kuti tiyese kumanga upscaler yathuyathu. Imeneyo idzatiphunzitsa zambiri kuposa yogula yothaitha.

Machenjezo awiri ndisawaiwale. Loyamba, kanema wakale asatsegulidwe ndi munthu wosaphunzira ntchitoyo. Mkati mwake mumakhala magetsi opitirira mavoti 20,000, ndipo ena amatsalira ngakhale atazimitsidwa. Galasi lake lilinso ndi mtovu, umene ndi poizoni, ndiye kumuphwanya n'kumutaya m'munda kapena pafupi ndi chitsime n'kudzikumbira dzenje. Lachiwiri, magetsi a dziko lathu ndi a mavoti 230, pamene makina ochokera ku Japan amafuna 100 ndipo a ku America amafuna 120. Wina akakutumizirani makina ochokera kumeneko, werengani zolembedwa pa adaputala musanabaye pakhoma, chifukwa mukafulumira mudzangomva fungo la kupserera.

Pomaliza

Inu makolo athu, ngati m'nyumba muli kanema wakale amene akuyakabe, msungeni pamalo ouma, pamodzi ndi zingwe ndi makatiriji ake. Mwana akakupemphani ndalama yogulira kabokosi kolumikizira gemu, muyambe mwamufunsa kuti makina akewo amatulutsa chithunzi pa chingwe chanji, ndipo kabokosiko kamalandira chingwe chanji. Akalephera kuyankha, ndalamayo isatuluke. Inu anzanga, tchuthi chikubwerachi tengani kamakina kaja, pukutani mano a katiriji, yesani pa makanema onse awiri, ndipo muone nokha kusiyana kwake. Mudzabwere ndi zimene mwapeza, tidzakambirane ku kalabu. Amene muli ndi maganizo osiyana ndi angawa, lemberani Mkonzi kuti tidzawerenge m'magazini yotsatira.